Mutu 6: Timalemba ta Pansi pa Gemu

1. Maso obwereka

Mukafika ku Kanyama n'kufunsa munthu wowotcherera geti loti akuba alilephere, aliyense adzakulozerani kwa ba Whyson Njobvu. Anali bambo wamtali, wosafulumira kuyankhula, wochokera ku Katete. Analinso tcheyamani wa sekishoni ya mpingo wawo, kagulu ka mabanja oyandikana kamene kankakumana Lachinayi masana kupemphera ndi kuthandizana pa maliro, matenda ndi mikangano.

Anthu ankawapatsa ulemu. Akaimirira kuti ayankhule, ngakhale amayi okonda manong'onong'o ankatseka pakamwa.

Koma ba Whyson anali ndi chinsinsi, ndipo mu Lusaka monse wochidziwa anali mmodzi yekha, mwana wawo Karen wa zaka khumi ndi zinayi. Ba Whyson sankadziwa kuwerenga.

Manambala a pa tepi yoyezera zitsulo ankawadziwa bwino. Mavesi a m'Baibulo anali nawo m'mutu, ambiri kuposa a mlaliki. Koma zilembo zinkawaonekera ngati mapazi a nkhuku pamatope. Wina akawapatsa pepala pagulu, ankapapasa m'matumba modekha n'kunena kuti, "Ah, magalasi naibala ku nyumba. Tibelengeleniko, ba neba." Magalasiwo anali asanagulepo chibadwire.

Kale ankawawerengera ndi akazi awo. Mayiwo atamwalira, ntchito inagwera Karen. Uthenga wa pa foni, botolo la mankhwala, chidziwitso cha kusukulu, zonse zinkadzera pakamwa pake. Chimene Karen wanena kuti pepala likunena, kwa atate ake chinali chomwecho basi.

2. Mabokosi a golide

Nyengo ya mvula imeneyo, gemu yatsopano inalowa m'sukulu ngati chimfine. Inali ya mpikisano wa timagalimoto. Kuiika m'foni kunali kwaulere, koma galimoto yothamanga kwenikweni inkapezeka m'mabokosi a golide othwanima pagalasi la foniyo.

"Iwe Karen, ukalibe chabe?" anamuseka mnzake Nsama pa nthawi yopuma. "Kilasi yonse ili nayo. Ni ya mahala! Ndipo ukaikila munzako, bakupasa bokosi imozi ya bule."

Karen analibe foni yakeyake. Ankabwereka ya atate ake akaweruka kuntchito. Ndipo m'nyumbamo munali lamulo: chilichonse chisanalowe m'foni, aziyamba wawawerengera.

Loweruka lina Karen anawapeza atate ake atakhala pa chigubu pakhomo, akupala matope ku nsapato. Anagwada n'kuwaonetsa gemu ija. Iwo anapukuta manja, naiyang'anitsitsa, kenako analoza ndi chala chawo cha zipsera za moto.

"Malemba aakuluwa asiye. Ndiwerengere tating'onoting'ono tili pansipa."

"Tuja tulibe nchito, atate. Palibe amene amabelenga."

"Tamvera, mwana wanga," anatero ba Whyson. "Ine ndakalambira m'masitolo a zitsulo. Wogulitsa akalemba zazikulu, ndiye kuti akukuitana. Akalemba zazing'ono, ndiye kuti akudziteteza. Tsiku lina ndinagula penti ya geti la munthu, chitini chokongola, chithunzi cha nyumba yowala. Mvula yoyamba penti yonse inasenda. Nditabwerera kukadandaula, mwini sitolo anangoloza pansi pa chitini, akuti panalembedwa kuti ndi ya m'kati mwa nyumba. Geti lija ndinalipentanso ndi ndalama zanga, mwiniwake ataimirira pambali akundiyang'ana ngati wakuba. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndiye usamathamangire zowala. Werenga."

Karen anawerenga chamumtima. Timalembato tinali m'Chingerezi, ndipo tinkanena mosabisa: m'kati mwa gemuyi muli zinthu zogula ndi ndalama zenizeni, ndipo mabokosi ena munthu amalipira asakudziwa chimene atapezemo. Tinkanenanso kuti ana aang'ono asaisewere popanda wamkulu.

Anadziwa kuti akanena zimenezi, nkhani yatha. Anakumbukira kuseka kwa Nsama.

"Takamba kuti ni ya bana ba sukulu," anatero, maso ali pa foni. "Iphunzisa masamu. Palibe volipila."

Anaitsegula. Timagalimoto tinayamba kuthamanga, manambala akuuluka pamwamba pake. Nkhope ya ba Whyson inawala, pakuti manambala okhawo ndiwo anali abale awo.

"Eya, ndikuwaona! Uyu ndi seveni, uyu ndi foro. Koma azungu ndi anzeru. Sewera, mwana wanga, ukhoze masamu."

Karen anadziwa kuti walakwa, koma galimoto yake inali itafika kale pa kona yoyamba.

3. Uthenga wabwino

Akanakhala bambo woumira, bodzalo likanafera m'nyumba momwemo. Tsoka lake, ba Whyson sankadya chabwino okha.

Lachinayi lotsatira, mapemphero atatha, anaimirira foni ili m'manja. Anauza makolo kuti m'malo moti ana azingoonera zovinavina, ilipo gemu yophunzitsa masamu, yopanda kulipira.

"Muli shuwa, ba tcheya?" anafunsa bana Mpundu, kapena kuti amake a Mpundu, mayi wogulitsa vitumbuwa pa siteshoni ya mabasi. "Ivi vinthu va mu foni vimadya ndalama."

Pamenepo ba Whyson ananena mawu amene ankanena kawirikawiri pobisa chinsinsi chawo.

"Nabelenga neka, mayo. Vonse, na tung'ono twa pansi."

Basi nkhani inatha. Tcheyamani akawerenga, wina angawerengenso chiyani? Makolo anayamba kutumiza mafoni kwa Karen kuti awaikire. Kenako ana a m'nyumba zina, ngakhale za anthu osapemphera nawo, ankamudikirira pa mpope wa madzi. Foni iliyonse imene waikira inkamubweretsera bokosi laulere. Posakhalitsa galimoto yake inali yofiira, ya mapiko, ndipo Nsama ankangoona fumbi.

M'komboni, mwana ndiye amadziwa pini ya ndalama za m'foni ya mayi ake, chifukwa ndiye amatumidwa ku buthi ya ajenti kukatapa ndalamazo. Opanga gemu kaya ankadziwa zimenezi kaya ayi, koma batani logulira bokosi analipanga lalikulu, lobiriwira, losavuta ngakhale kwa mwana wa Giredi 2.

Woyamba kulira anali bana Mpundu. Anapita kukaoda ufa wa vitumbuwa, napeza m'foni mwawo muli mbee. Mpundu, kamnyamata kawo, anaulula akulira kuti ankangofuna galimoto yonga ya Karen, koma bokosi lililonse linkatulutsa matayala. Mawa lake ba Nkole, kondakitala wa minibasi, anakwapula mwana wawo pa mlandu womwewo mpaka aneba kuleretsa. Nyumba ina ndalama ya malasha inapita, ina ya yunifomu.

Karen ankamva zonsezi akutunga madzi, mutu uli pansi. Ankadzitonthoza kuti iye sanabe ngakhale ngwee imodzi ya munthu. Zinali zoona, koma chakudya chinasiya kumukomera.

4. Magalasi a ba Chisala

Lachinayi linafika ndi mvula yowaza. Sekishoni inakumana pakhonde la bana Mpundu, anthu atadzaza mpaka ena kuima pa njerwa zopondapo m'madzi. Ana anaunjikana kumpanda. Karen anakhala pansi kumbuyo kwa amayi, akulakalaka atasanduka chigubu.

Tsikulo kunabweranso ba Chisala, mphunzitsi wopuma ntchito, amene anali atangobwera kuchokera ku maliro ku Kasama. Anatenga foni ya bana Mpundu, navala magalasi, nawerenga timalemba tija mokweza, n'kumasulira liwu ndi liwu.

"Abale anga," anatero ba Chisala, "ichi si masamu. Iyi ndi juga yovala yunifomu ya sukulu. Mwana akulipira bokosi asakudziwa za m'kati, akapeza chachabe mtima ukumuuza kuti lotsatiralo ndiye lenileni. N'chimodzimodzi ndi makina a juga a m'mabala omwera mowa aja, kungoti awa alowa m'nyumba zathu, ndipo tawatsegulira tokha. Eni ake adzati tinalemba. Inde analemba. Koma analembera yani? Mankhwala a makoswe amajambulapo chigaza, kuti ngakhale wosapita kusukulu aone n'kuthawa. Fodya salola kugulitsa kwa mwana. Nanga ichi bwanji chenjezo lake lili m'chilankhulo cha eni, m'timalemba tofuna magalasi, pamene batani lodyera ndalama ndi lalikulu ngati chitumbuwa? Chenjezo liyenera kukhala lalikulu, la chithunzi, m'Chinyanja ndi m'Chibemba, ndipo ndalama isamatuluke wamkulu asanavomere. Zimenezi tikazinene kwa akhansala, azipititse kwa opanga malamulo. Koma lamulo limayenda pang'onopang'ono, abale. Lisanafike, mlonda wa foni ndi kholo."

"Mwakamba bwino, ba ticha," anadula ba Nkole, ataimirira. "Koma ise mulonda tinali naye. Ba tcheya banakamba pamenso pathu ati nabelenga neka, na tung'ono twa pansi. Manje ngati banabelenga, ninshi banaziba! Banaziba, koma banatiuza ati ni masamu. Nimvela ati ukangenesa banthu mu gemu iyi, bakupasako kanthu. Ba tcheya, munadyapo zingati pa bana bathu?"

"Awe, ba Nkole, ulemu!" anatero mayi wina.

"Ulemu wa chani? Kawalala ni kawalala, olo avale jekete! Bapaseni foni babelenge futi, timvele pamene palembewa masamu."

Foni inadutsa m'manja m'manja mpaka inafika kwa ba Whyson. Iwo anaiyang'ana. Kenako dzanja lawo linayamba ulendo wake wa masiku onse, thumba la kumanja, thumba la kumanzere.

"Magalasi..."

"Tengani anga, ba tcheya," anatero ba Chisala mokoma mtima, osadziwa kuti akuwakankhira kuphompho.

Ba Whyson anavala magalasi a eni. Anayandikiza foni, naitalikitsa. Milomo yawo inagwedera koma sipanatuluke liwu. Sanayang'ane kumene kunali Karen ngakhale kamodzi, ndipo Karen anazindikira kuti atate ake asankha kutchedwa wakuba kusiyana ndi kumutchula iye.

Khoswe anali atakhala pa mkhate. Akakhala chete, atate ake ndi kawalala, wakuba, pamaso pa mpingo. Akayankhula, chinsinsi chimene mayi ake anapita nacho kumanda osaulula chiyaluka pabwalo.

"Mwaona?" anatero ba Nkole. "Bakangiwa kubelenga. Nsoni zabagwila."

Karen anaimirira.

"Atate sibanadye ndalama ya munthu," anatero ndi mawu aang'ono.

"Kweza mau, iwe!"

"Atate sibanazibe! Ndine ninababelengela. Ninaona vonse vamene ba ticha babelenga, koma ninabauza ati ni masamu, chifukwa nenze kufuna gemu. Mabokosi ya bule yenze kubwela kuli ine. Ninanama ndine."

Anthu anayang'anana. Bana Mpundu anagwira pakamwa. Kenako, mosaganiza zoipa, anafunsa funso limene Karen ankaliopa.

"Nomba nichani mwana ndiye abelenge? Ba tcheya, si munati munabelenga mweka?"

"Menso yao yamabavuta..." anayamba Karen.

"Basi, Karen." Ba Whyson anakweza dzanja. "Bodza limodzi latikwana."

Anavula magalasi aja, nawapukuta ndi mpango, nawabweza kwa mwini wake ndi manja awiri.

"Maso anga alibe vuto, abale. Ndimaona ulusi wa moto pa chitsulo. Koma anzanga akupita kusukulu, ine ndinali kubusa ng'ombe za amalume. Sindidziwa kuwerenga. Dzina langa lomwe ndimachita kujambula. Ndakhala ndikukunamizani za magalasi zaka zonsezi, ndipo tsiku lija ndinakunamizani kuti ndawerenga ndekha. Mwana wanga ananama, inenso ndinanama, ndipo mabodza athu awiri adya ufa wa bana Mpundu. Mpando uwu mupatse wina."

Anachoka pa mpando wa tcheyamani, natenga chipewa chawo. Ba Chisala anayesa kuwagwira mkono, koma iwo anapukusa mutu. Ba Nkole anakhala pansi pang'onopang'ono.

5. Khomo loyamba

Nkhani m'komboni siyenda pansi. Ba Whyson ndi Karen asanafike n'komwe pa mpope, tiana tina tinali titayamba kale kuwatsatira chapatali, tikuimba ngati m'kalasi la oyamba kumene: "A, e, i, o, u! Ba tcheya, a, e, i, o, u!"

Karen anatola mwala.

"Taya," anatero atate ake osacheuka.

Anautaya. Ankayenda kumbuyo kwawo, akuona msana wa jekete lawo lonyowa, ndipo manyazi ankamuotcha kuyambira kumaso mpaka kumapazi. Akanakonda akanamukalipira. Akanakonda ngakhale mbama. Koma iwo ankangoponda njerwa imodzi ndi inzake, mwakachetechete.

Pa mphambano ya kunyumba kwawo anaima. Tiana tija tinabalalika.

"Atate, nikhululukileni," anatero Karen, misozi ikusakanikirana ndi mvula. "Sembe ninakhala chabe zii. Manje bonse baziba."

"Ayi. Pa zonse wachita mwezi uno, kuimirira kuja ndiko kokha kolungama. Usakulirire." Anapuma mozama. "Moyo wanga wonse ndinkaopa tsiku la lero. Ndinkati anthu akadzadziwa, ndidzafa. Taona, andiimba nyimbo, ndipo ndili moyo. Chimene chandilasa si nyimboyo, Karen. Munthu wosaona akagwira phewa la mwana wake, saponda ndi mantha, chifukwa amati uyu sangandigwetse m'dzenje. Ine ndinkamwa mankhwala amene iwe wati ndimwe. Ndinkasaina pamene iwe wati ndisaine. Lero ndikudzifunsa kuti mwa zonse unandiwerengera chimwalirire amako, zoona zinali ziti. Funso limenelo sindinkalidziwa, ndipo wandipatsa ndiwe."

"Vinangu vonse vinali voona, atate. Nalumbila!"

"Mwina. Koma ndidziwa bwanji? Sindingathe kukaona ndekha."

Mawu amenewo anamupweteka Karen kuposa chikwapu chilichonse.

Iye anatembenukira kunjira ya kwawo, koma atate ake sanasunthe.

"Sitikupita kunyumba. Amene anali pa sekishoni amva. Nanga mafoni ena aja unaikira ku mpope? Eni ake akudziwa?"

"Iyayi."

"Ndiye kuti pamene tikuyankhula pano, kwinakwake mwana akudina batani. Tiyenda khomo ndi khomo. Ine ndidzaodira, chifukwa ndine ndinayamba kuitamanda. Iwe udzawerenga timalemba tija pamaso pa kholo, udzamasulira, kenako udzanena chimene unachita. Tiyambire kutali kapena pafupi?"

Mwa nyumba zimene Karen anaikira gemu, yapafupi inali ya geti lakuda, kutsidya kwa ngalande. Munkakhala ba Mussa, mwini butchala, munthu wosaseka ndi anthu. Ba Mussa ndiwo analinso eni nyumba imene Karen ndi atate ake ankachita lendi, ndiponso eni kabwalo kamene ba Whyson ankawotchererapo zitsulo. Mwana wawo wamkazi, Tinenenji, anali ndi galimoto ya golide yeniyeni mu gemu, imene palibe mwana wina aliyense anaipeza. Karen ankadziwa kuti galimoto yotero sibwera ndi mabokosi aulere, ndipo foni imene Tinenenji ankasewerera inali yolandirira ndalama za kubutchala.

"Atate, kuli ba Mussa tikayende mailo, osati lelo. Olo tiyambile kwinangu. Bakakalipa bazatichosa pa nyumba."

"Akhoza kutero."

"Manje tizayenda kuti?"

"Sindidziwa. Tsogola."

Anawoloka ngalande. Ba Whyson anavula chipewa, nagogoda pa geti.

"Odi kuno!"

Galu anauwa m'kati. Kunamveka mapazi olemera, kenako chitsulo chotsekera chinakokedwa. Ba Mussa anatulukira atavala epuloni ya magazi, maso ali pa bambo, kenako pa mwana.

"Ba Njobvu. Mvula yonse ino? Kuli chani?"

Ba Whyson anabwerera m'mbuyo pang'ono, namusiya Karen yekha kutsogolo.

"Ba landilodi, itanani Tinenenji abwere ndi foni ya kubutchala," anatero. "Mwana wanga ali ndi zoti akuwerengereni."